Pepani wa m'Chimbale cha Mileme

Kokerani mipando pafupi, ndipo amene ali ndi foni aizimitse. Iyi si nthano ija ya padangokhala ayi. Musavomere kuti tili tonse, poti simudziwa amene angavomere nanu limodzi.

Ku Lilongwe kunali gulu lina loimba lotchedwa Mileme. Dzinali linachokera kwa anthu onyoza, eni ake n'kungolitola. Ankati nyimbo za gululi zili ngati mleme: mbalame si mbalame, mbewa si mbewa, kugona kwake chadodolido. Zinali nyimbo za roko, koma osati roko wongokuwa uja. Nyimbo imodzi inkatalika moti mayi akanatha kupita kumjigo, kuima pamzere, kutunga madzi n'kubwerako isanathe. Inkayamba mofatsa ngati ya kutchalitchi, pakati n'kusanduka mkangano wa gitala ndi ng'oma, kenaka n'kuyamba kutsimphina ngati munthu woponda minga. Wofuna kuvina ankangotsala mwendo uli m'mwamba, osadziwa pouponda.

Mtsogoleri wawo anali Lonjezo, mwana wa kumayadi, amene anakaphunzira kunja n'kubwerako ndi zida zoimbira zodzaza chipinda. Panali Jailosi wa gitala ya besi, munthu wosakonda zoyankhula. Ndiye panali Khumbize wa ng'oma ndi mlongo wake Sungeni, amene ankaimba kiyibodi ndi kutsogolera nyimbo. Nkhaniyi ndi ya Sungeni.

Makolo awo anamwalira Sungeni akadali wamng'ono, ndipo anamulera ndi Khumbize, m'kanyumba ka lendi ku Chinsapo. Masana Khumbize ankawotcherera mageti, madzulo n'kumaphunzitsa mlongo wake kawerengedwe kotsimphina kaja pomugogoda ndi zala pamsana. Akasowa chodya ankadya zilape. Wina akati "Chilape!" mnzake ankati "Nachize!" mpaka njala itachita manyazi. Padziko lonse lapansi Sungeni analibe wina, koma achimwene akewo.

Tsiku lina Lonjezo anabwera ndi maganizo.

"Chimbale cha mu situdiyo ndi nsomba youma," anatero. "Ine ndikufuna yamoyo, yophiriphitha. Tijambule shoo yonse anthu ali pomwepo. Womvera amve m'manja, amve malikhweru, adziwe kuti Mileme ili ndi anthu."

"Anthu ake ati, bwana?" anafunsa Khumbize akuseka. "Azakhali anu aja ndi agalu awo?"

"Mudzaona, aise. Malo ndapeza kale."

Malowo anali kuseri kwa Namitete, pa esiteti ina yakale imene eni ake anaisiya. Panali chishedi chachikulu chosankhiramo fodya, denga lake lamalata, lalitali ngati la tchalitchi. Ukaomba m'manja kamodzi, dengalo linkakubwezera mobwerezabwereza, ngati likufuna kukusunga.

Tsiku la shoo ananyamuka masana pa lole yodzaza masipika ndi nthambo. Unali mwezi wotentha uja mvula isanayambe. Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, dalaivala anaponda buleki, nazimitsa wailesi, navula chipewa. Pamsewu panali patayalidwa nthambi za masamba aawisi, kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo. Aliyense wobadwira m'dziko muno amadziwa tanthauzo lake: pamudzi pano pagwa zovuta, wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa phokoso atseke pakamwa. Chapatali ndithu, kupitirira mudzi, kunkaoneka mzere wina wa masamba. Kanjira kopita kushedi kanapatukira pakati pa mizere iwiriyo. Mphepo ikatembenuka, kunkamveka amayi akulira kusiwa.

"Ayi, ayi, ayi," anatero Lonjezo. "Anthu a m'tauni akaona izi abwerera. Ndani angadumphe maliro kupita kokamvera gitala?"

"Tiyeni titsike tikapepese kaye," anatero Khumbize. "Tikaonane ndi eni mbumba. Mwina n'kusuntha tsiku."

"Kusuntha tsiku? Makina ojambulira ndabwereka a lero lokha. Sindikuti tikafukule munthu, amwene. Ndi masamba chabe. Achotseni awa okha, a uko akhale. Wofayo sawerenga masamba."

"Ndiye katsikeni muchotse," anatero Jailosi chapansipansi.

Lonjezo anakhala ngati sanamve. Anali atavala nsapato zoyera. Anangotembenukira kwa Khumbize, osanena kanthu, koma onse anamva zimene sananenezo: ng'oma zimene Khumbize ankaimba sizinali zake, kiyibodi ya Sungeni sinali yake, ndipo chimbale ichi ndicho chikanatulutsa mawu a Sungeni kunja kwa Chinsapo. Khumbize anayang'ana mlongo wake kanthawi. Kenaka anatsika.

"Achimwene, asiyeni," anatero Sungeni, koma mawu ake anali aang'ono, ndipo mumtima ankafuna shoo ichitike.

Khumbize anasonkhanitsa nthambi zija m'manja, nakaziponya m'tchire. Pamene nthambi yomaliza inagwa, kulira kwa kusiwa kunadukiza pakati pa mawu, ngati wina watseka chitseko. Nkhunda imene inkalira mumtengo nayo inaleka. Khumbize anakwera lole akupukuta manja pa buluku. Utomoni wobiriwira unali utamata m'zikhatho zake.

Dzuwa litapendeka, magalimoto a m'tauni anali atafika owerengeka chabe. Mabenchi amene anayala anali mbee, opanda anthu. Lonjezo ankayenda uku ndi uku akutukwana mtundu wosadziwa luso. Komabe jenereta inalira, magetsi ofiira a makina ojambulira anayaka, ndipo Khumbize anagunda timitengo take kuwerengera nyimbo yoyamba.

Ndi pamene anthu anayamba kulowa.

Anabwera wapansi, mmodzimmodzi, opanda phokoso. Amayi anali atamanga zitenje ndi mipango kumutu, abambo zipewa zili m'manja. Mabenchi sanawayang'ane n'komwe. Amayi anakhala pansi mbali imodzi, miyendo atatambasula, abambo mbali inayo. Ankangobwerabe, mpaka shedi yonse inadzaza kufika kukhomo. Magetsi a pa siteji ankathobwa m'maso, choncho Sungeni sankaona nkhope zawo bwinobwino, koma mapewa ndi mipango basi. Kunja kunali fumbi la chilimwe, koma m'shedimo munayamba kumveka fungo la dothi lonyowa, longa lokumbidwa kumene pansi penipeni.

Lonjezo anamuyandikira akumwetulira mpaka m'makutu. "Waona? Anthu a kumudzi ndiwo amadziwa nyimbo!"

Nyimbo yoyamba itatha, a m'tauni aja anaomba m'manja pang'ono n'kuleka mwamanyazi, poti khamu lonselo linali chete. Panangodutsa kaphokoso kapansipansi, ngati mphepo m'munda wa chimanga chouma. Yachiwiri chimodzimodzi. Kenaka anafika pa nyimbo yawo yaitali kuposa zonse, imene ankaitcha Mtsinje Wobwerera. Pakati pake gitala ndi besi zimakhala chete, n'kutsala ng'oma ndi mawu a Sungeni okha, pa kagundidwe kotsimphina kaja kamene sikanatsatidwepo ndi munthu. Sungeni anatseka maso naponya mzere woyamba.

Khamu lija linavomera.

Linavomera ndi mawu akuya, amayi pamwamba abambo pansi, osaphonya ngakhale pamene nyimboyo imatsimphinira. Denga linalandira mawuwo n'kuwabweza, n'kuwabwezanso. Tsitsi la Sungeni linaima, koma si mantha ayi. Chinali chimwemwe. Zaka zonsezi akunyozedwa, lero kunapezeka anthu omva chimene iye ankamva. Anaimba ngati sadzaimbanso, misozi ikutsika.

Shoo itatha, anthu aja anaimirira nayamba kudutsa kutsogolo kwa siteji pamzere. Mayi wina wokalamba anaima pamaso pa Sungeni, napinda mawondo pang'ono, namugwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Manjawo anali ozizira ngati mtsuko wa m'mawa.

"Pepani, mwanangu," anatero.

Sungeni anaganiza kuti akupepesa chifukwa cholowa osalipira, kapena chifukwa chosaomba m'manja. Mtima uli m'mwamba, pakamwa pake panatuluka mawu amene anawaphunzira ali kamwana, atakhala pamphasa pa maliro a mayi ake.

"Ndapepa," anayankha.

Mayiyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva chimene anadzera. Otsatira onse ankadutsa n'kumati pepani, pepani, pepani, mpaka shedi inatsala ndi mabenchi okha. Mlonda wa pageti atafunsidwa kuti khamu lija lalowera kuti, anadabwa. Iye anati chifikireni magalimoto aja, pageti sipanadutse ngakhale galu.

Patapita masiku, anakumana mu situdiyo ya Lonjezo kuti amvere zimene anajambula. Kunali masana, dzuwa lili phwee pawindo. Pa kompyuta chida chilichonse chinali ndi mzere wake: gitala, besi, kiyibodi, mawu, ng'oma, ndi mzere wa maikolofoni amene anapachikidwa pamwamba pa anthu. Lonjezo anakweza mzere womalizawo pamene nyimbo yoyamba inathera. Kaphokoso kaja kongati mphepo m'chimanga kanamveka bwino tsopano. Sinali mphepo. Anali mawu a anthu ochuluka, aliyense pa nthawi yake, akunena liwu limodzi lomwe lija: pepani.

"Eee!" Lonjezo anadumpha pampando. "Mwamva? M'malo mwa m'manja! Palibe gulu linachitapo zimenezi. Dzina la chimbale lapezeka lokha."

Jailosi anavula mahedifoni pang'onopang'ono, nawaika patebulo. Anayamba kukulunga nthambo ya besi.

"Ukupita kuti iwe?" anafunsa Lonjezo.

"Kwathu ku Dedza liwu limeneli sitiseweretsa," anatero Jailosi. Atafika pakhomo anatembenukira kwa Sungeni. "Chemwali, pepani sauza wakufa. Amauza wotsala. Dzifunseni kuti inuyo mwatsala kwa ndani."

Anatuluka, ndipo sanabwererenso ku Mileme.

Khumbize anali atakhala pakona, akukanda m'chikhatho ndi chala. Utomoni uja unali usanachoke, ngakhale anausamba ndi sopo, ndi mchenga, ndi parafini.

Mawa lake atatsegulanso nyimbo zija, Sungeni anaona kuti ng'oma zikumveka motsika. Anakweza mzere wake. Tsiku linalo zinatsikanso. Sikunali kuchepa kwa mawu kokha ayi. Ng'omazo zinkamveka ngati zasunthidwa, ngati wina wazinyamula pa siteji n'kupita nazo kumbuyo kwa shedi. Tsiku lotsatira zinali pakhomo. Akamvetsera bwino ndi mahedifoni, pansi pa kugundako pankamveka mapazi ambiri opanda nsapato, akuyenda pang'onopang'ono, monga amayendera anthu osenza chinthu cholemera.

"Ndi kompyuta iyi," anatero Lonjezo. "Imachita zimenezi."

Ku Chinsapo nako tinthu tinayamba kusokonekera. Timitengo ta ng'oma ta Khumbize tinasowa m'chikwama, n'kukapezeka m'mawa pakhomo, titagonekedwa bwinobwino moyandikana. Galu wa a landilodi, amene ankamuthamangira Khumbize tsiku lililonse, anayamba kumudutsa ngati mtengo. Mu minibasi kondakitala ankatolera ndalama kwa onse, iye n'kumudumpha. Poyamba Khumbize ankaseka.

"Waona, Sunge? Kutchuka kwayamba. Ndikukwera ulere."

Koma kuseka kwake kunkafupika. Kuntchito moto wowotcherera unkamuthera m'manja iye atangoyang'ana kumsewu. Chakudya ankangochigwiragwira. Kuchipatala anamuyeza magazi, anamuyeza chifuwa, n'kumuuza kuti ali bwinobwino, akapume.

Tsiku lina Sungeni akugula tomato pamsika, mayi wogulitsa anamupatsa chenji, kenaka anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepanitu, asisi."

"Pepani wa chiyani?"

Mayiyo anaphethira ngati wodzidzimuka kutulo. "Ine ndatero? Kaya. Zangondituluka."

Sungeni anasiya tomato pomwepo n'kuthamangira kunyumba. Anapeza Khumbize atakhala pakhonde, maso ali kumsewu.

"Achimwene, mukumva kuwawa pati? Ndiuzeni zoona."

"Palibe pakuwawa," anatero Khumbize. "Kungoti ndikumva ngati ndikuchedwetsa anthu. Ukudziwa mmene umamvera ukamavala, anzako ataima panja akukudikira? Sakukuitana ayi. Ndi anthu aulemu. Angoima."

Madzulo omwewo Sungeni anapita kwa Lonjezo. Anamupeza akusankha zithunzi za pachikuto cha chimbale.

"A Lonjezo, fufutani zonse. Chimbale chimenechi chisatuluke."

"Wapenga? Chinthu chabwino chokhacho chimene tachitapo?"

"Achimwene akutha. Ng'oma zikamapita kutali m'menemo, iwonso akupita. Inu simukuona?"

"Ndikuona munthu wofuna mavitamini." Lonjezo sanachotse maso pa kompyuta. "Za ng'omazo usade nkhawa. Zikazimiririka ndiikamo za makina, palibe adzadziwe."

"Za makina? M'malo mwa achimwene?"

"Sungeni, ndiwe mtsikana wanzeru, usayankhule ngati wosapita kusukulu. Ndipo ngakhale nditafufuta pano, nyimbo ndatumiza kale kwa anthu a wailesi ndi anzanga akunja. Akuti sanamvepo zotere. Akufunsa kuti kwaya imeneyi tinaipeza kuti."

"Munawatuma ndinu kuchotsa masamba aja."

Apo Lonjezo anatembenuka. Anatambasula manja ake onse awiri, oyera, osalala, onunkhira mafuta.

"Ine? Tayang'ana. Ine sindinakhudze tsamba ngakhale limodzi."

Sungeni anayang'ana manjawo nthawi yaitali. Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri. Ngakhale iwo aja osaoneka, amene anthu amati amadziwa zonse, anangoyang'ana m'manja mwa munthu, osafunsa kuti anamutuma ndani.

Kutacha anadzuka ndi maganizo amodzi: chimene unatenga umabweza. Akabweza masamba pamalo pake, mwina eni ake adzakhululuka. Sanamuuze Khumbize. Koma potuluka anamupeza ali kale pakhonde, atasamba, atameta, atavala shati yake yoyera ya ku ukwati.

"Mwatchenera kuti m'mawa uno?"

"Ndangofuna kuoneka bwino." Anamwetulira pang'ono. "Sunge. Chilape."

Sungeni anayankha: "Nachize."

"Onse abwera chifukwa cha ine, koma palibe wondipatsa moni."

Pomwepo Sungeni anakumbukira. Mzere uja wa m'shedi unadutsa kwa iye yekha. Palibe anagwira dzanja la Khumbize, palibe anamuyankhula. Komatu nthawi yonse ya shoo, mipango ija ndi mapewa aja sizinaloze kwa woimba kapena kwa wa gitala. Onse anakhala moyang'ana ng'oma, monga anthu amakhalira mozungulira bokosi.

Yankho analidziwa. Linali pa lilime.

"Sindikudziwa," anatero.

"Iwe? Wolephera chilape? Ndiye ndibaire ng'ombe ndikuuze."

"Ndilibe ng'ombe. Ndipo musandiuze. Mundidikire pompano, mwamva? Wina aliyense akabwera, muziti mlongo wanga sanabwere."

Anakwera minibasi mpaka pa Namitete, kenaka kabaza mpaka pamene msewu wafumbi umayambira. Wa kabaza atabwerera, anatsala yekha. Dzuwa linali litakwera, nyenje zikulira. Mudzi uja unkaoneka chapatali, mbuzi zikuyendayenda, utsi ukukwera, moyo wamba. Sungeni anathyola nthambi za mango m'mbali mwa msewu mpaka manja anatupa. Anaziyala bwinobwino, kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo, monga anazionera tsiku lija. Kenaka anagwada pafumbi.

"Eni ake," anatero, "masamba anu ndabweza. Amene anachotsa anangotumidwa. Ndilibe wina. Msiyeni."

Nyenje zinaleka kulira.

Kumbuyo kwake kunamveka buleki ya njinga. Bambo wina wachikulire, atamanga mbuzi pakaliyala, anatsika msangamsanga navula chipewa.

"Pepani, mayi. Sitinamve uthenga. Watisiya ndani?"

"Ayi, bambo, palibe," anatero Sungeni akuimirira. "Palibe wamwalira. Ndikungobweza. Tsiku lina tinadutsa pano ndi lole, pali maliro, ndiye masamba tinawachotsa."

Nkhope ya bamboyo inasintha. "Ndinu a magitala aja?"

"Eya."

"Hmm." Anayang'ana kumudzi, nayang'ananso Sungeni. "Anali malume anga amene aja. Tinawaika, inde, koma maliro ake anali ozizira. Nyimbo sizinkagwira. Bokosi linalemera ngati tadzazamo miyala, adzukulu mpaka kusinthana kangapo panjira yaifupi. Akuluakulu anati owalandira, mizimu ya makolo amene anatsogola, sanafike. Anati ananyamuka ndithu, koma posaona chizindikiro anasochera, n'kutsata kumene kunkamveka ng'oma." Anapukusa mutu. "Ndipo amene aja akanyamuka ulendo wa maliro sabwerera manja ali zii."

"N'chifukwa chake ndabweza."

"Mayi, masamba alibe dzulo. Sanena za maliro apita. Ukayala, walengeza a lero."

Sungeni anayang'ana mzere wobiriwira umene anayala ndi manja ake. Patali, panjira yochokera kumudzi, amayi ena anali ataona kale. Ankamanga mipango kumutu, wina atasenza kale mtolo wa nkhuni.

M'thumba mwake foni inayamba kulira. Anaitulutsa. Linali dzina la mayi a landilodi, amene chikhalire sanamuimbirepo.

Anawerama kuti atole nthambi. Bambo uja anasiya njinga kugwa, mbuzi n'kulira, namugwira pamkono.

"Mukutani? Asanaike? Simunaphunzirebe? Wochotsa masamba maliro asanaikidwe amadzitengera yekha!"

"Amadzitengera yekha," anabwereza Sungeni. "Osati amene analengezedwayo?"

"Amatero akuluakulu. Ine sindinayesepo, ndipo inunso musayese."

Foni inkalirabe. Sungeni anaganiza za zala zija zikumugogoda pamsana, usiku wa njala, kumuphunzitsa poponda pamene nyimbo yatsimphina. Anaganiza za munthu amene anatsika lole atamuyang'ana iye kaye. Anachotsa dzanja la bamboyo mwaulemu.

"Zikomo, bambo. Ndamva."

Anatola nthambi yoyamba, yachiwiri, zonse, nazikumbatira pachifuwa, utomoni ukumata m'manja ndi pa bulauzi. Anapita nazo kutchire nakaziponya kutali. Pamene yomaliza inagwa, foni inaleka.

Amayi aja panjira anaima, nayang'anana ngati oiwala chimene anatulukira, n'kubwerera kumudzi. Bambo uja anadzutsa njinga yake. Anavala chipewa. Anayang'ana uku ndi uku pamsewu, maso ake n'kudutsa pa Sungeni monga amadutsira pa chitsa, ndipo anapalasa osatsanzika.

Foni inaliranso. Ulendo uno linali dzina la Khumbize.

"Sunge! Uli kuti iwe?" Mawu ake anali amphamvu, a masiku akale. "Ndinangoti ndigone pang'ono pakhonde, ndadzuka mayi a landilodi akundithira madzi, akulira, akuti ndinaleka kupuma. Anthu awa! Ine njala yandipha, m'nyumba muno mulibe kanthu?"

"Muli mbatata mu poto," anatero Sungeni. Anaseka, misozi ikugwera pa foni.

"Komanso tamva. Pabwera amayi ena pakhomo pano, achikulire, sindikuwadziwa. Agwada. Andigwira dzanja, manja ake kuzizira. Akuti pepani. Pepani wa chiyani? Ndiwayankhe kuti chiyani?"

Sungeni anakweza maso. Msewu unali wopanda munthu mbali zonse, dzuwa lili pamutu. Koma fungo la dothi lonyowa linali litafika, ndipo kumbuyo kwake, pafupi ndithu, kunali anthu ambiri aulemu, ongoima.

Akanatha kunena kuti musayankhe. Akanatero, mwina zikanabwerera kumene zinachokera.

"Ayankheni monga timayankhira, achimwene," anatero. "Si ulemu kusiya akuluakulu ali chigwadire."

Anamva Khumbize akuchotsa foni pakhutu, mawu ake akupita kumbali, ofatsa, a mwana woleredwa bwino.

"Ndapepa, amayi."

Chimbale chija chinatuluka mvula itayamba. Pachikuto pali chithunzi cha Lonjezo atakumbatira gitala, ndipo akunja anachitamanda kwambiri. Mukachipeza, mvetserani Mtsinje Wobwerera. Ng'oma zimamveka pafupi, zamphamvu, ngati zili m'chipinda mwanu momwemo. Mawu a mtsikana wotsogolera ndi amene muyenera kuwatcherera khutu. Sali kutsogolo ayi. Ali kumbuyo, pakati pa amayi ovomera, ndipo amene anachigula kale amati chaka chilichonse kumavuta kuwasiyanitsa ndi enawo.

Lonjezo anati ndi mmene anafunira kuti zimveke.